Mbale Imene Ndinayanika Padzuwa

M'kalasi mwathu ine ndine wamkulu kuposa onse. Anzanga akandifunsa kumene ndinali zaka zimene iwo ankakhoza mayeso, ndimangoti ndinali ku Zambia kwa amalume. Si bodza ayi. Koma munthu angathe kunena zoona zokhazokha n'kukhala atanama, ndipo zimenezi ndinaziphunzira komweko.

Ndinasiya sukulu ndili Sitandade 6, chaka chimene abambo anadwala chifuwa n'kuleka kulima fodya. Amalume anga a Lufeyo, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Kafue, anabwera patchuthi atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anati kumeneko ntchito zikuchita kuitana anthu, ndipo mtsikana wodziwa Chingerezi pang'ono sangasowe pogwira. M'mawa mwake ndinaona amayi akuchapa madiresi anga onse awiri, ndipo ndinadziwa kuti ndikupita. Pakati pa madiresiwo ndinabisa kope langa la masamu limene linali ndi masamba otsala. M'menemo ndi mmene ndinkalemba za tsiku lililonse, chifukwa ine kulankhula kumandivuta kuyambira kale.

Tinawoloka malire ku Mchinji, basi mpaka Chipata, kenako msewu wautali wa ku Lusaka umene ndinkaganiza kuti sutha. Titadutsa mlatho wa Luangwa amalume anandikodola.

"Tamvera. Kuyambira pano ndiwe wa ku Chipata. Dziko lino lalandira ufulu, ntchito akufuna azigwira eni ake. Ukakapalamula akakufunsa chitupa, ndipo akafunsa iwe afunsanso ine. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Uziti namvela."

Kafue ya masiku amenewo inali ngati nyumba imene amisiri sanachokepo. Njerwa paliponse, malole, utsi wachikasu wa ku fakitale ya feteleza, sitima ikugogoda pamlatho. Amalume ankakhala kukomboni ya Nangongwe ndi akazi awo ndi ana anayi m'chipinda chimodzi. Ine ndinkagona pansi pa tebulo, mpaka anandipezera malo ku Estates, kunyumba za mabwana, kwa injiniya wina wa ku Ulaya amene ankayang'anira makina oluka nsalu. Ntchito yanga inali kulera mwana wawo Lena, wa zaka zinayi, kuchapa, kusita ndi kutsuka mbale. Mwezi ukatha malipiro ankatenga amalume n'kutumiza kumudzi. Makalata a amayi ankati denga tafolera, kenako ankati abambo ako ayamba kukhala panja m'mawa. Ndinkawawerenga mpaka kung'ambika mopinda.

Wophika panyumbapo anali ba Daka, bambo wa ku Petauke amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji, chitsulo n'kumugwera pamwendo. Anandigwira bodza tsiku lachiwiri lomwe. Kumwamba kunadutsa ndege, ine n'kuuza Lena kuti, "Taona ndege!" Ba Daka anaika mpeni pansi.

"Iwe wa ku Chipata, wakamba kuti chani?"

"Ndege."

"Kuno ni ndeke, mwana wanga. Ndege zinasala ku Nyasalande." Anandiyang'ana kumaso n'kuseka mpaka kutsokomola. "Osayopa. Ine nipika chabe, sinine polisi."

Kuyambira pamenepo ankandisungira khokho la keke ndi kundikonza lilime.

Mkazi wa bwana tinkamutchula ba Madamu. Anali mayi woonda, wosakonda kupita kumene akazi a mabwana ena ankamwera tiyi. Kwawo ankaimba vayolini m'gulu lalikulu la oimba, koma ku Kafue analibe woimba naye. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, n'chifukwa chake tinkamvana. M'chipinda chochezera munali galamafoni yamagetsi ndi mbale zake zakuda, iliyonse m'chikwama chake cha pepala lolimba. Kwathu timati mbale za galamafoni, ndipo nanenso ndinatero. Ba Daka anagwira m'mimba ndi phwete.

"Kuno ni lekodi, iwe. Mbale ni ya ndiwo. Osapakulilamo nyemba!"

Ba Madamu akamaimba masana, ana a ku Nangongwe ogulitsa masamba ndi nsomba m'makomo ankaima kuseri kwa mpanda, mabeseni ali pamutu. Tsiku lina anatsegula geti n'kuwauza kuti abwere Loweruka. Anabwera asanu ndi mmodzi, Loweruka linalo khonde linadzaza. Popeza ba Madamu sankadziwa Chinyanja, womasulira ndinali ine. Ine amene ndinkachita manyazi kufunsa mtengo wa tomato pamsika, ndinkaima patsogolo pa ana onsewo, maso ali pa zala zanga za kumapazi.

Anayamba ndi chithunzi cha pa chikwama cha mbale imodzi: anthu ambiri atakhala mozungulira, aliyense ndi choimbira cha zingwe ndi uta wake. Ndinawauza ana kuti zili ngati kaligo wa kumudzi, kungoti zingwe ndi zinayi. Ba Madamu anati zoimbirazo ndi banja. Zazing'ono za paphewa ndi ana, amalongolola kwambiri. Zokulirapo pang'ono ndi achemwali awo. Zoika pakati pa mawondo ndi amayi, ndipo chachikulu chija choimba munthu ataimirira ndi abambo, amalankhula pang'ono koma pansi pamanjenjemera. Kenako anaika singano pambale.

Zingwe zinayamba kulira. Mtsikana wina anakweza dzanja.

"Ba sisi, bazayamba liti kuimba?"

"Akuimba kale."

"Awe, kuimba na pakamwa."

Wina anafunsa monong'ona kuti wamwalira ndani, chifukwa pawailesi nyimbo zotere zimalira kukafa munthu wamkulu. Nditamasulira, ba Madamu anaseka koyamba chibwerere changa panyumbapo.

Anawauza za amene anapeka nyimbozo. Dzina lake ana analilephera, nanenso m'kope ndinalilemba mosiyanasiyana. Anakhalako kalekale, mumzinda umene misewu yake ndi madzi ndipo anthu amapita kumsika pabwato. Pamenepo kamtsikana kena kamene kankakhala kumbuyo, pafupi ndi beseni lake la nsomba, kanaimirira. Anali Mutinta, wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, mwana wa msodzi wa kumtsinje kumunsi kwa mlatho. Kwawo ankalankhula Chitonga, Chinyanja ankangotola pamsika, ndipo kusukulu sanapondeko.

"Ati mulibe miseu, ni manzi chabe? Monga kwatu mvula ikagwa! Manje anali kugwila nsomba?"

Ba Madamu anati ayi, ntchito yake inali kuphunzitsa atsikana amasiye kuimba zoimbira zimenezi.

"Bakazi?"

"Inde," ndinatero, "atsikana."

Mutinta anakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ana onse ankamutchula wopeka nyimboyo kuti ba Mabwato.

Ana ena ankabwerera madzi a malalanje, ndipo sindikuwanena. Mutinta ankamvera mwa mtundu wina. Ankatsinzina, mutu atapendeketsa, ndipo pamene ife tinkangomva phokoso limodzi lokoma iye ankati, "Ba mayo bayankha." Pakapita kanthawi, "Ba tate balowa manje." Panali pena pamene zingwe zonse zinkathamanga pamodzi, iye n'kunena kuti ndi mphepo ya pamtsinje, ofunika kupalasa msanga. Ba Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kavayolini kakang'ono kamene iwo anaphunzirirapo ali mwana. Manja a Mutinta ankanunkha nsomba. Ba Madamu anawagwira choncho, n'kuika chala chilichonse pamalo pake.

Poyamba kankalira ngati chitseko cha dzimbiri ndipo ana ankatseka makutu. Pomwe masamba a mitengo ankayoyoka, Mutinta anali akuimba chiyambi cha nyimbo ya ba Mabwato mpaka pamalo ena ovuta, pamene nthawi zonse ankaima n'kuluma mlomo. Popeza nyimbo yopanda mawu inkamumvetsa chisoni, anaiikira ake. Ankati, "Bwato bwanga nipeleke, manzi yabwela, nipeleke kwatu." Ndisabise: ndinkachita nsanje pang'ono. Bokosi la kavayoliniko ndinkalipukuta fumbi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anandiuzapo kuti tsegula.

Mbale ya ba Mabwato inali ya malemu abambo awo a ba Madamu, ndipo sankalola munthu kuikhudza. Loweruka lina m'mwezi wotentha uja mvula isanagwe, anamupatsa Mutinta ulemu woibwezera m'chikwama ndi kukaiika pashelufu. Anainyamula ndi manja awiri ngati dzira. Ndinamuona ndi maso anga akuiika bwinobwino.

Lolemba ba Madamu anapita ku Lusaka, ba Daka kumsika. Ine ndinali kusita, ndipo Lena anakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene mwana amakhalira chete. Ndinamupeza pansi, mbale ija ili pamiyendo, jamu ali mbali zonse ziwiri. Sindinamukalipire. Ndinatenga madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kuitsuka ndi nsonga za zala, mozungulira motsata mizere yake, mpaka inawala. Kenako manja anga anachita zimene anazolowera. Amayi anandiphunzitsa kuti mbale yotsuka sapukuta ndi nsanza, amaiyanika pathandala kuti dzuwa liiyeretse. Kuseri kwa khitchini kunali thandala la mapoto. Ndinaiyedzamiritsa pamenepo, pakati pa sefuliya ndi chivundikiro, n'kuiyang'ana mokhutira. Nthawi yomweyo Lena anagwa pamasitepe n'kuchubuka bondo. Ndinamubereka mpaka anagona.

Pamene ndinakumbukira, dzuwa linali litapendeka. Mbale ija inali itapindika ngati tsamba la maungu lofota.

Ba Daka anandipeza nditaigwira.

"Mayo ine. Wachita chani?"

"Ndinatsuka."

Ndinayembekeza kuti aseka za nyemba zija. Sanaseke.

"Uzabauza ba Madamu."

"Andichotsa. Akafunsa chitupa. Amalume..."

Anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ine. "Ine sinizakamba. Si katundu wanga. Koma uzalema nao, mwana wanga."

Ndinaiika pansi pa thumba la ufa masiku awiri. Siinawongoke. Ndinaikankhira m'chikwama chake n'kuibwezera pashelufu, ndipo m'kope ndinalemba zonse monga zinachitikira, n'kumaliza ndi mawu akuti mawa ndinena.

Loweruka khonde linadzaza. Ba Madamu atasolola mbaleyo anaima osagwedezeka. Anaiikabe pagalamafoni, kaya ankayembekeza chiyani. Singano inakwera n'kutsika ngati bwato pamafunde, ndipo banja lonse la zingwe linalira ngati anthu oledzera pamaliro. Ana anafa ndi phwete. Mutinta yekha sanaseke.

Ba Madamu anazimitsa. Sanakweze mawu. Anati kwa ine, "Mufunse mwanayu. Kodi tsiku lija anaisiya pawindo, padzuwa?"

Ndinamufunsa.

"Iyayi!" anatero Mutinta. "Ninafaka pa shelufu, ba sisi, munaniona." Ana onse anamutembenukira. Iye anayang'ana nkhope ya ba Madamu. "Manje... siniziba vamene vachitika."

Ba Madamu anali kundidikira. Mutinta anali atanena zinthu zitatu, ndipo ine ndinasankhapo chimodzi.

"Akuti sakudziwa," ndinatero m'Chingerezi.

Ba Madamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga kavayolini pampando n'kukatsekera m'bokosi. Anati ndiwauze ana kuti ba Madamu atopa, za Loweruka zayamba zaima. Zimenezo ndinamasulira bwinobwino, osasiyako liwu. Pakhomo la khitchini ba Daka anali ataima ndi nsalu yopukutira m'manja.

Mutinta sanasiye kubwera ndi nsomba. Ankaima kuseri kwa mpanda pamene ndinkayanika zovala, akung'ung'udza nyimbo ija chapansipansi, zala za dzanja lamanzere zikuyenda pamkombero wa beseni. Tsiku lina anandiitana.

"Ba sisi, mubauze ba Madamu kuti sinine. Imwe muziba chizungu."

"Nizabauza."

Anandipatsa kansomba kamodzi kapadera, atakulunga m'pepala. Ndinalephera kukadya, ndinalepheranso kukataya. Ba Daka anakakazinga, n'kukaika patsogolo panga. Masiku amenewo anali atasiya kundikonza lilime. Ankangoti iwe, madzi, iwe, mbatata.

Mawu akuti mawa ndinena ndinawalemba tsamba ndi tsamba mpaka mvula inagwa. Kenako nsomba anayamba kubweretsa mayi wina, ndipo kumpanda kunali zii.

Chimene chinandithyola ndi chaching'ono. Masana ena ba Madamu anatenga vayolini yawo n'kuyamba nyimbo ya ba Mabwato. Atafika pamalo ovuta paja, pamene Mutinta ankaima, nawonso anaima, ngakhale kwa iwo sipanali povuta. Sanapitirize. Ndinang'amba tsamba m'kope, n'kulemba zonse zimene ndinachita m'Chingerezi cha Sitandade 6, n'kuliika pa bokosi la kavayolini, chifukwa pakamwa ndinadziwa kuti sipatseguka.

Anandipeza pochapira, pepala lili m'manja.

"Unaiika padzuwa?"

"Monga mbale, Madamu."

Anayang'ana thandala lija nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti za dzuwazo akanatha kuseka. Koma anawerenganso mzere womaliza.

"Mwana uja anati ayi?"

"Anati ayi."

"Iwe unandiuza kuti sakudziwa."

"Inde, Madamu."

"Vala nsapato."

Tinayenda wapansi kutsika kumtsinje, iwo patsogolo ndi bokosi la kavayolini, ine pambuyo. Matope ankamata nsapato zawo. Tinapeza amake a Mutinta, amene kumeneko ankawatchula Bina Mutinta, akupala mamba a nsomba pa bwato logadabuzika. Ba Madamu anati, "Tsopano nena. Unene zonse." Ndinagwada m'matopemo n'kunena, ndipo aka kanali koyamba kumasulira mawu anga omwe.

Bina Mutinta sanasiye kupala. Nditamaliza anati Mutinta kulibe. Ana a ku Nangongwe ankamuimba kuti wophwanya za azungu, abambo ake anamva, anaopa apolisi, n'kumutumiza kwa azakhali ake kumisasa ya asodzi kutali kumadambo, ulendo wa masiku pabwato. Akulera ana kumeneko. Kaya adzabwera madzi akaphwa, kaya ayi.

Ba Madamu anatambasula manja ndi bokosi lija, kuti amusungire.

"Bauze babwelele navo," anatero mayiwo. "Tikalandila, mailo bazakamba ati anaba."

Ndinamasulira zonse. Kenako anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana ine, koyamba.

"Iwe, uli na pakamwa?"

"Nili napo, ba mayo."

"Manje wenze kusungila ndani?"

Izi ba Madamu sanafunse kuti akuti chiyani.

Sanandichotse ntchito, chitupa sanafunse, ndipo amalume mpaka lero sadziwa. Akanandichotsa mwina ndikanapepukidwa. Za Loweruka zinayambiranso ndi mbale zina, ana ochepa, ine womasulira monga kale. Kungoti tsopano ba Madamu ankaitana ba Daka kuti aziima pakhomo n'kumamvera. Ndikamaliza chiganizo ankayang'ana kwa iwo, ba Daka n'kugwedeza mutu, ndiye n'kupitiriza. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Kavayolini sikanatulukenso m'bokosi. Madzi anaphwa, anabweranso, ndipo kangapo ndinatsikira kumtsinje Lamulungu, koma Bina Mutinta ankangopukusa mutu ndisanafike pafupi.

Nthawi ya bwana itatha, malo awo anatenga mnyamata wa ku Zambia komweko amene iwo anamuphunzitsa, ndipo banjalo linalongedza. Tsiku lonyamuka ba Madamu anandipatsa diresi, nsapato za Lena zoti ndikapatse mng'ono wanga, ndi mbale yopindika ija m'chikwama chake. "Ndi yako," anatero. Sindidziwa ngati inali mphatso. Ba Daka anandiperekeza kusiteshoni akutsimphina, n'kundipanikiza m'manja mpukutu wa keke. "Ukafike bwino ku Chipata kwako," anatero, ndipo apo pokha anasekanso.

Kumudzi ndinapeza abambo ali moyo koma atachepa, akuyenda ndi ndodo. Mng'ono wanga Esinati, amene ndinamusiya akukwawa, anabisala kumbuyo kwa amayi. Achimwene ankandiseka ndikaiwala n'kunena kuti manje m'malo mwa tsopano. Aliyense ankati ndine mwana wabwino, ndinafolera nyumba, ndinachiritsa abambo, ndipo atandilola kubwerera kusukulu anati ndi mphoto yanga. Ndinkangoyang'ana pansi, iwo n'kumati taonani ulemu wake.

Amayi ndi amene anaipeza mbaleyo pansi pa sutikesi. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kusuzumira pa kabowo ka pakati.

"Kodi azungu akowo amadyera m'mbale zoboola?"

Bwalo lonse linaseka. Ndinawauza kuti ndi ya nyimbo, koma inafa. Esinati, amene tsopano anali atandizolowera, anaiika pakhutu, n'kunena kuti sikumveka kanthu.

"Ndiye imbani inuyo, achemwali."

Ndinatsinzina kuti ndiikumbukire monga inkalirira pakhonde paja, ana ndi achemwali awo ndi amayi ndi abambo onse pamodzi. Sizinabwere. Chimene chinatuluka ndi bwato bwanga nipeleke, manzi yabwela, nipeleke kwatu, ndipo ndinaima pamalo ovuta paja, chifukwa kupitirira pamenepo sindikudziwa.

Esinati anaigwira tsiku lomwelo. Tsopano ana a m'mudzi mwathu amaiimba popita kukatunga madzi, ndipo amati ndi nyimbo ya achemwali a ku Zambia. Ndikawamva ndimatuluka, ngakhale ndili pakati pa homuweki, ngakhale pali anthu akuluakulu pabwalo, ndipo ndimanena mokweza mmene ndingathere.

"Si yanga. Ndi ya Mutinta, wa kumtsinje wa Kafue."

Iwo amandiyang'ana, zidebe zili pamutu.

"Ndipo iye anati iyayi," ndimatero. "Anaiika pashelufu. Ndinamuona."